Sitenti ya mu mtima imatsegula njira, koma sichiza matenda

 Nkhani ya lero ndi yaitali, choncho pezani pokhala. Tikamba za mtima.

Pali funso limene mayi wina anandifunsa chaka chatha, ndipo mpaka pano silinandichoke m'mutu. Amuna awo, bambo a zaka za m'ma 50, anali ndi BP komanso shuga, ndipo ankasuta fodya kuyambira ali mnyamata. Anayamba kumva chifuwa kuthina akamakwera chitunda kapena akamapalasa njinga. Kenako ululuwo unayamba kubwera ngakhale ali chikhalire. Banja linakhala pansi. Ng'ombe zinagulitsidwa, mwana wawo wa ku Joni anatumiza zimene anali nazo, a kumpingo anasonkha, ndipo bambowo anakwera ndege kupita ku India. Kumeneko anawaika masitenti awiri m'mitsempha ya mtima. Anabwerako ali bwinobwino, akuyenda okha, atanyamula mapiritsi a miyezi itatu.

Miyezi itatu itatha, mapiritsi anathanso. Aspirin anapezeka, koma mtundu wachiwiri sunapezeke pafupi, ndipo ndalama zonse zinali zitathera paulendo. Popeza sankamva kupweteka paliponse, anati adzagula akakolola. Patangopita milungu yochepa, anadzuka pakati pa usiku atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu. Pofika kuchipatala kunja kutacha, mbali yaikulu ya mtima inali itawonongeka kale. Anamwalira patatha masiku awiri. Mayi aja anandigwira dzanja n'kufunsa kuti, "A nesi, si paja anati awaika kachitsulo kosatha? Nanga chawatenga n'chiyani?"

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndiwanena mosabisa. Sitenti ndi chithandizo chabwino kwambiri, ndipo pa nthawi yake imapulumutsa moyo. Koma ife timaipatsa ulemu umene siinaupemphe. Timaitenga ngati mapeto a matenda, pamene ndi chiyambi cha ntchito ina imene imachitikira kunyumba. Banja limene likusonkha ndalama za tikiti koma silinawerengere mapiritsi a chaka chonse, lakonza theka la ulendo. Ndipo banja limene silinafunse ngati wodwala wawo akufunikadi sitenti, litha kugulitsa munda pa chinthu chimene mankhwala okha akanachita.

MTIMA NAWO UMADYA

Mtima ndi mnofu, ndipo umagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku osapuma. Mnofu umenewu umadyera m'mitsempha yake yapadera imene inayanga kunja kwake. Ikuluikulu ilipo itatu, ndipo kukula kwake ndi mamilimita 2 mpaka 4 basi, ngati kachubu ka inki ka m'bolopeni.

Zaka zikamapita, mafuta a m'magazi otchedwa cholesterol amalowa m'khoma la mtsempha n'kumaunjikana, monga mmene matope amadzazira ngalande ya kudimba pang'onopang'ono. BP, shuga, fodya, kunenepa kwambiri, ukalamba ndi za kumtundu ndi zimene zimafulumizitsa. Njira ikachepa, magazi amakwanira munthu akakhala pansi, koma akanyamula katundu kapena kukwera chitunda samakwanira. Chifuwa chimathina, munthu amaima, ndipo pakapita mphindi zochepa ululu umatha. Izi madokotala amati angina. Tsiku lina mulu wa mafutawo ukang'ambika, magazi amaundana pamenepo, njira yonse imatsekeka, ndipo mnofu wa mtima umayamba kufa. Iyi ndiye heart attack.

Tisamati ndi matenda a azungu kapena a mabwana a m'tauni. Bungwe la WHO linati matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni m'chaka cha 2019, ndipo oposa atatu mwa anayi alionse anali a m'maiko osauka ndi a chuma chapakati. Kuno ku Malawi, kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe.

AMACHITA CHIYANI KWENIKWENI?

Ambiri amaganiza kuti munthu amang'ambidwa pachifuwa. Ayi. Wodwala amakhala ali maso. Amamubaya jakisoni wochititsa dzanzi pamkono, pamene timavala wotchi, kapena pamwamba pa ntchafu cha m'mphechepeche. Pamenepo amalowetsa kachubu kakatali, kopyapyala, kotchedwa katheta, n'kukayendetsa mkati mwa mtsempha mpaka kukafika pa mtima. Kenako amapopera madzi a utoto amene amaoneka pa X-ray, ndipo pa kanema pamaoneka pamene njira yachepa. Kuyeza kumeneku ndiye angiogram.

Akaona kuti pakufunika kutsegula, amadutsitsa kawaya kopyapyala ngati tsitsi pamalo othinawo. Pa kawayako amayendetsa kabaluni, n'kukafufumitsa kuti kakankhire mafuta kukhoma. Pomaliza amasiya sitenti, kamene ndi kachitsulo kolukidwa ngati kasipuling'i ka m'bolopeni, kuti kachirikize khoma lisabwererenso. Sitenti imakhala momwemo moyo wonse. Ntchito yonseyi kawirikawiri imatenga ola limodzi kapena awiri, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake.

Nzeru imeneyi si yakale kwambiri. Mu 1929 dokotala wachinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, anadzilowetsa yekha katheta pamkono mpaka kufika mu mtima, pofuna kusonyeza kuti n'zotheka. Zipangizo anamutsegulira ndi nesi, Gerda Ditzen. Anzake anamuyesa wamisala, koma mu 1956 analandira nawo mphoto ya Nobel. Pa 16 September 1977, mumzinda wa Zurich, Andreas Grüntzig anatsegula koyamba mtsempha wa mtima ndi kabaluni, pa bambo wa zaka 38. Masitenti oyamba anaikidwa mu 1986 ndi Jacques Puel ku Toulouse ndi Ulrich Sigwart ku Lausanne. Opakidwa mankhwala, amene ndi ofala lero, anayamba kugwiritsidwa ntchito cha m'ma 2002 ndi 2003.

Tsopano mvetsani apa. Sitenti ili ngati kalavati amene aika pamalo amodzi pamene madzi amatsekeka. Pamenepo madzi adutsa ndithu. Koma ngalande yonse ikadali ndi matope, ndipo mvula ikupitiriza kukokolola nthaka kuchokera kumtunda. Sitenti imakonza masentimita awiri kapena atatu a mtsempha. Matenda ali m'mitsempha yonse.

SI ALIYENSE AMENE AKUFUNIKA SITENTI

Pamene munthu ali pa heart attack, palibe chokambirana. Kutsegula mtsempha mwachangu kumapulumutsa moyo ndi mnofu wa mtima, ndipo madokotala amayesetsa kuti zichitike pasanathe mphindi 120 vutolo litadziwika. Chimodzimodzi munthu amene ululu wake ukukulirakulira, kapena ukubwera ali chikhalire ngati bambo aja, amenewo ndi ofunika kuonedwa mwamsanga.

Koma pali gulu lina lalikulu, la anthu amene chifuwa chimathina pokhapokha akagwira ntchito yolemetsa, ndipo zakhala choncho kwa miyezi osasintha. Pa anthu amenewa, kafukufuku anapeza zimene ambiri sankayembekezera. Mu 2007 kafukufuku wa COURAGE, wa anthu 2,287 ku America ndi Canada, anayerekeza amene anaikidwa sitenti pamodzi ndi mankhwala, ndi amene analandira mankhwala okha. Patatha zaka zoposa zinayi, amene anamwalira kapena kugwidwa ndi heart attack anali pafupifupi 19 pa 100 mbali zonse ziwiri. Kafukufuku wina wamkulu, wa ISCHEMIA, wa anthu 5,179 m'maiko 37, anatuluka mu 2020 ndipo naye sanapeze kuti kuthamangira kutsegula mitsempha kumachepetsa imfa pa anthu a mtundu umenewu.

Tinene chilungamo mbali zonse. Sitenti imachepetsadi ululu wa pachifuwa, ndipo kafukufuku wa ORBITA-2 wa ku Britain mu 2023 anatsimikiza zimenezi. Munthu amene akulephera kulima kapena kuyenda kupita kumsika ngakhale akumwa mankhwala mokhulupirika, sitenti itha kumubwezera moyo wake wa tsiku ndi tsiku. Komanso kafukufuku wa ISCHEMIA sanaphatikize anthu amene vuto lili pa tsinde lalikulu la kumanzere, kapena amene mtima wawo wafooka kwambiri. Amenewo nkhani yawo ndi ina.

Palinso odwala amene opaleshoni ya bypass imawathandiza kuposa sitenti. Pa bypass amatsegula pachifuwa n'kulumikiza mtsempha wina kuti magazi alambalale potsekekapo. Kafukufuku wa FREEDOM wa mu 2012, wa anthu 1,900 a shuga amene mitsempha yawo ingapo inali yothina, anapeza kuti patatha zaka zisanu, imfa, heart attack ndi sitiroko zinagwera pafupifupi 27 pa 100 mwa a masitenti, ndi 19 pa 100 mwa a bypass. Ndiye ngati amuna anu ali ndi shuga ndipo akuti mitsempha iwiri kapena itatu ndi yothina, funso la bypass lifunsidwe.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Anthu ambiri amadutsa bwinobwino pa chithandizochi. Komabe kulowetsa waya mu mtsempha wa mtima umene ukugunda si nkhani yamasewera, ndipo gadiyani ayenera kudziwa zimene zingachitike.

Vuto lofala kwambiri limakhala pamene anabaya. Mikwingwirima yochepa ndi kuwawa pang'ono n'zachibadwa. Choopsa ndi chotupa chimene chikukula, kapena chimene chikugunda mukachigwira, kapena magazi osaleka. Akabaya pantchafu, wodwala amagona chagada maola angapo osapinda mwendo, chifukwa mtsempha wa pamenepo ndi waukulu ndipo utha kutayira magazi mkati osaoneka kunja. Zizindikiro zake ndi kupweteka kwa msana kapena m'mbali mwa mimba, chizungulire, kuzizidwa ndi kufooka mwadzidzidzi. Kubaya pamkono kumachepetsa vuto la kutaya magazi, n'chifukwa chake madokotala ambiri masiku ano amakonda njira imeneyi. Koma napo mtsempha utha kutsekeka. Dzanja kapena phazi likazizira, likayera, kapena likachita dzanzi losatha, thamangani kuchipatala.

Lachiwiri ndi impso. Madzi a utoto aja amatuluka kudzera mu impso, ndipo atha kuzivulaza, makamaka kwa a shuga, okalamba, amene impso zawo zinali zofooka kale, ndi amene thupi lilibe madzi okwanira. Vutoli limaoneka pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, nthawi imene ena amakhala atatuluka kale m'chipatala. Mkodzo ukachepa kwambiri kapena miyendo ikayamba kutupa, musadikire. Amene amamwa metformin nthawi zambiri amauzidwa kuti aime kaye kwa masiku awiri. Funsani tsiku loyambiranso, ndipo pemphani kuti magazi a impso ayezedwe musanayambe ulendo wobwerera. Anthu ena matupi awo sagwirizana ndi utotowo: amatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika. Ngati zinachitikapo kale pa X-ray ina, nenani ntchito isanayambe.

Lachitatu ndi zimene zimachitika mkati pa nthawi ya ntchitoyo. Khoma la mtsempha litha kung'ambika kapena kubooka. Kachidutswa ka mafuta katha kuthothoka n'kukatseka kanthambi kakang'ono, kapena kupita ku ubongo n'kuyambitsa sitiroko. Mtima utha kugunda mosalongosoka. Izi sizichitikachitika. Pa munthu amene wabwera mokonzekera, osati ali pa heart attack, kubooka kwa mtsempha, sitiroko kapena imfa, chilichonse mwa izi chimagwera osakwana mmodzi pa 100. Chiwerengero chimakwera kwa okalamba, a impso zofooka ndi amene afika ali kayakaya. N'chifukwa chake ndi bwino kufunsa ngati chipatalacho chili ndi madokotala a opaleshoni ya mtima pafupi, oti n'kuthandiza zinthu zikavuta.

Lachinayi limabwera mochedwa. Thupi limaona sitenti ngati bala, ndiye limameretsa mnofu kuti lipole. Mnofuwo ukachuluka, njira imachepanso, kawirikawiri pakati pa miyezi itatu ndi chaka. M'masiku a kabaluni kokha, izi zinkachitika kwa munthu mmodzi mwa atatu. Masitenti opakidwa mankhwala anatsitsa chiwerengerocho kufika pansi pa mmodzi mwa khumi. Chizindikiro chake ndi ululu wakale uja kubwerera pang'onopang'ono pogwira ntchito. Zikatero pitani mukaonedwe, musadikire tsiku limene analemba.

VUTO LALIKULU LIMAYAMBIRA KUNYUMBA

Tibwerere ku funso la mayi aja. Kachitsulo kanalipo ndithu, sikanathyoke. Chimene madokotala anachiona kuti n'chimene chinachitika ndi ichi: magazi anaundana mkati mwa sitenti.

M'magazi mwathu muli tizigawo tomata totchedwa ma platelet, timene timatseka bala tikadzicheka. Tikakumana ndi chitsulo chosakutidwa, timamatirira pamenepo. Thupi limatenga miyezi kuti likute sitenti ndi khungu lake la mkati, ndipo mankhwala opakidwa pa sitenti aja, pamene akuletsa mnofu kuchuluka, amachedwetsanso kukutako. Pa miyezi imeneyi chimene chimateteza wodwala ndi mapiritsi awiri omwa pamodzi: aspirin, ndi wina monga clopidogrel, ticagrelor kapena prasugrel. Kawirikawiri amamwa onse awiri kwa miyezi 6 ngati sitenti inaikidwa chifukwa cha angina, ndi miyezi 12 ngati inaikidwa pa heart attack. A dokotala atha kufupikitsa kapena kutalikitsa malinga ndi wodwala. Nthawiyo ikakwana, mtundu umodzi umapitirira moyo wonse.

Kwa amene akumwa bwino mapiritsi, kuundana kumeneku n'kosowa, pafupifupi mmodzi pa 100 kapena kucheperapo m'chaka choyamba. Koma chimene chimakweza ngoziyi kuposa china chilichonse ndi kusiya mapiritsi nthawi isanakwane. Ndipo sikuchenjeza. Mtsempha umatsekeka wonse kamodzi n'kamodzi, heart attack yake imakhala yaikulu, ndipo ambiri sapulumuka. Kumene anaika sitenti kuli kutsidya la nyanja. Inu muli kumudzi, pakati pa usiku, mukufunafuna wa kabaza.

Anthu amasiya mapiritsi pa zifukwa zimene tonse timazidziwa. Ena akuti achira, poti sakumva ululu. Ena mankhwala atha ndipo ndalama palibe. Ena dzino lawawa ndiye wina wawauza kuti asiye kaye kuti akazule. Ena apemphereredwa ndipo auzidwa kuti kumwa mankhwala n'kukayika. Kupemphera pitirizani, koma piritsi limwedwe. Amene angaimitse mapiritsi awa ndi dokotala yekha amene akudziwa za sitentiyo. Dzino likafuna kuzulidwa kapena pakafunika opaleshoni ina, nenani kuti muli ndi sitenti ndipo inaikidwa liti. Nthawi zambiri dzino limazulika mapiritsi akumwedwa, ndipo opaleshoni yosafulumira imatha kudikira.

Apa ndi pamene ndimati moyo wa wodwala uli m'manja mwa amayi a pakhomo. Ndinu amene mumaona kuti katoni yatsala pang'ono. Musadikire piritsi lomaliza: mukatsala ndi a milungu iwiri, yambani kufunafuna. Dziwani dzina lenileni la mankhwala ndi mlingo wake, mwachitsanzo clopidogrel 75 mg, chifukwa makampani amalemba maina osiyanasiyana pakatoni koma mankhwala ake ndi amodzi. Mangirizani kumwa mapiritsi ku chinthu cha tsiku ndi tsiku, monga phala la mmawa. Akaiwala tsiku limodzi, asamwe awiri mawa lake pofuna kubweza. Angopitiriza monga mwa nthawi zonse.

MAPIRITSIWO NAWO ALI NDI ZAWO

Mankhwala oletsa magazi kuundana amachititsa kuti munthu azitaya magazi mosavuta. Kamfuno ka apo ndi apo, nkhama kutuluka magazi potsuka mano, mikwingwirima yosadziwika chiyambi, izi zimachitika, ndipo si chifukwa chosiyira mankhwala. Kanenani kuchipatala. Zofunika kuthamanga nazo tsiku lomwelo ndi izi: chimbudzi chakuda ngati phula, kusanza magazi kapena zinthu zonga khofi, mkodzo wa magazi, msambo wochuluka modabwitsa, mutu waukulu wadzidzidzi, kapena kugwa n'kumenyetsa mutu.

Mutu kapena msana ukawawa, panado ndiye wabwino. Brufen, diclofenac ndi indocid, amene timagula m'magolosale osaganiza kawiri, amakanda m'mimba ndipo akaphatikizana ndi mapiritsi a sitenti magazi atha kutuluka kwambiri. Kutema mphini nakonso kupewedwe. Amene ali pa ma ARV kapena mankhwala a TB anene poyera kwa a dokotala a mtima, chifukwa ena mwa iwo, makamaka amene ali ndi ritonavir komanso rifampicin wa TB, amasokoneza mphamvu ya mankhwala a mtima. Musasiye ma ARV. A dokotala ndi amene asankhe mankhwala ogwirizana nawo. Omeprazole wa zilonda za m'mimba naye amachepetsa mphamvu ya clopidogrel, ndipo alipo ena oti n'kulowa m'malo mwake.

Musaiwalenso kuti ngalande yonse ikufunika kusamalidwa. Mankhwala otsitsa cholesterol monga atorvastatin, a BP ndi a shuga amapitirira ngakhale munthu akumva bwino. Fodya asiyidwiretu, wa ndudu ndi wachingambwe yemwe. Mchere uchepe mu ndiwo. Sabata yoyamba wodwala asanyamule ndowa ya madzi, asalime, asapalase njinga. Pambuyo pake kuyenda tsiku lililonse ndi mankhwala, osati kumugoneka pamphasa ngati dzira loti lisweka.

SAFUNSA ANADYA PHULA

Wina anena kuti, "A nesi, mukutiopseza kuti tisapite?" Ayi. Ndikufuna kuti mupite mutatsegula maso. Ambiri mwa anthu athu amene amalandira chithandizochi amapita kutali, ku India, South Africa kapena Tanzania, ndipo dokotala amene anaika sitenti sadzamuonanso wodwalayo. Ndiye mafunso afunsidwe mukadali komweko. Dokotala wabwino sakwiya ndi mafunso awa.

1. Kodi sitentiyi ndi yopulumutsa moyo, kapena yochepetsa ululu? Tikayamba ndi mankhwala okha chingachitike n'chiyani?

2. Mitsempha yothina ndi ingati? Kodi bypass singakhale yabwino kuposa?

3. Impso zake zili bwanji, ndipo mudzaziyezanso liti?

4. Mapiritsi awiriwa amwe mpaka tsiku liti? Tilembereni tsikulo.

5. Mtundu umene mwatipatsawu ukapanda kupezeka kwathu, wolowa m'malo ndi uti?

6. Ndege tingakwere patapita masiku angati?

Musachoke opanda kalata yonena mtundu wa sitenti, kuchuluka kwake, mtsempha umene inaikidwa ndi tsiku lake. Mukafika kunyumba, pitani nayo ku kiliniki ya BP ndi shuga ya chipatala cha boma lanu kuti zilembedwe m'buku la kuchipatala, ndipo jambulani kalatayo pa foni. Pa msonkhano wa banja wosonkha ndalama, wina aimirire n'kunena kuti za mapiritsi a chaka chonse ziikidwe padera tikiti isanagulidwe. Ngati wa ku Joni kapena wa ku UK akufunsa kuti athandize bwanji, muuzeni atenge udindo wa mapiritsi mwezi ndi mwezi.

NANGA IFE AMENE NDEGE SITINGAIKWANITSE?

Ndikudziwa kuti ambiri amene mukuwerenga simudzakwanitsa ulendo wotere, ndipo mwina mukuona ngati nkhaniyi si yanu. Ndi yanu. Mwaona nokha kuti kwa odwala ambiri a angina yosasintha, mankhwala omwa mokhulupirika amateteza moyo mofanana ndi sitenti. Amene akumwa aspirin wolemberedwa kuchipatala, mankhwala a cholesterol, a BP ndi a shuga, ndipo wasiya fodya, sakulandira chithandizo cha anthu osauka. Akulandira maziko amene ngakhale wa masitenti atatu sangakhale popanda iwo.

Chinanso chimene chili m'manja mwathu ndi nthawi. Dziwani zizindikiro za heart attack: chifuwa kulemera ngati mwakhalidwa ndi thumba la chimanga kwa mphindi zoposa 15, ululu wopita ku mkono, ku nsagwada kapena kumsana, thukuta lozizira, kubanika. Kwa ife amayi, kwa okalamba ndi kwa a shuga, nthawi zina chifuwa sichiwawa kwenikweni. Pamangokhala befu, nseru, kutopa kosadziwika bwino, kapena zonga chilungulira. Ambiri amataya usiku wonse akumwa soda poyesa kuti ndi zilonda za m'mimba. Ngati munthuyo aspirin samudana naye ndipo sakutaya magazi paliponse, atafune aspirin wa 300 mg, ndipo nyamukani nthawi yomweyo. Asayende pansi kapena kupalasa yekha njinga. Mukafika nenani kuti mukuganizira mtima ndipo pemphani ECG. Kumene mankhwala osungunula magazi oundana monga streptokinase alipo, amagwira bwino m'maola oyambirira, ndipo pakadutsa maola 12 phindu lake limakhala litachepa kwambiri. Kudikira kuti kuche ndi kumene kumatha mitima yambiri.

Mayi aja ndinawayankha zoona, ngakhale zinali zowawa. Anakhala chete kwa nthawi, kenako anati akanadziwa akanagulitsa mbuzi imodzi mwa zimene zinatsala. Palibe amene anawauza m'chilankhulo chawo kuti kapiritsi kakang'onoko kanali kofunika ngati ulendo wonse wa ku India. Kalata anali nayo, koma inali ya Chingerezi, ndipo inali m'chikwama.

Ngati kwanu kuli wina amene anaikidwa sitenti, muimbireni lero. Mufunseni mapiritsi amene akumwa, atsala a masiku angati, ndi tsiku limene a dokotala anati adzasiye. Ngati anasiya kale payekha, apite kuchipatala mawa mmawa ndi kalata yake. Gawanani uthengawu ndi abale, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwawerengere. Khalani ndi tsiku labwino, ndipo BP mukayezetse.